Kodi amene amayankhula m'kati mwa mkango uja ndani?

Bambo_a_Tadala: Moni nonse a pagulu. Ndabwera ndi dandaulo komanso funso. Loweruka lapitali ndinapita pa boma kukaikitsa makatuni mu memole khadi, chifukwa kuzizira kwa June kuno ku Dedza simungamuuze mwana kuti kasewere panja. Mnyamata wa pa burning centre anandiikira The Lion King, ija yakale. Kufika nayo kunyumba, tapeza ndi yomasulira. DJ akuyankhula kuyambira poyamba mpaka pothera. Mkango ndi iye, fisi ndi iye, mbalame ndi iye, ngakhale poimba nyimbo sakutseka pakamwa. Pamene bambo ake a Simba akufa, malo oti munthu ugwetse msozi, iye ali kupereka moni kwa anzake a ku Chimbiya. Ndinapsa mtima. Koma chandibweretsa kwenikweni ndi ichi: mwana wanga wa Sitandade 4 anandifunsa kuti, "Adadi, pansi pa DJ pakumveka bambo wina wa mawu aakulu. Ameneyo ndani? Mkango umadziwa Chingerezi?" Ine ndinangoti ndi makina. Usiku wonse mtima unali kundigunda kuti ndamunamiza mwana. Amene mukudziwa tandithandizeni, ndikamuuze zoona.

KachewereBoy: Mkango wa ku America umayankhula Chingerezi basi, vuto lili pati? Wa ku Liwonde ndiye umayankhula Chiyao.

NaNgozo_waLizulu: Walira mvula walira matope, a Bambo a Tadala. Mukapita pa burning centre osanena kuti mukufuna yopanda DJ, amakupatsani imene anthu ambiri amafuna.

Mphunzitsi_Bembeke: A Bambo a Tadala, kamupepeseni mwanayo, khutu lake ndi lakuthwa. Si makina. Mawu aakulu amene anawamva ndi a malemu James Earl Jones, mkulu wa zisudzo wa ku America amene anamwalira mu September 2024 ali ndi zaka 93. Ndiye Mufasa ameneyo, bambo ake a Simba. Amene munaonera Coming to America, ndi yemwe uja anali mfumu, bambo ake a Eddie Murphy. Chosangalatsa n'chakuti mayi amene anali mfumukazi mu filimu imeneyo, Madge Sinclair, ndi yemwenso anayankhula ngati mkazi wa Mufasa. Scar, m'bale wake wa Mufasa wa mtima wa mfiti uja, ndi Jeremy Irons wa ku England. Fisi wamkazi ndi Whoopi Goldberg. Ndipo mbalame ya mlomo waukulu ija, Zazu, imene imangodandaula nthawi zonse, ndi Rowan Atkinson, amene inu mumamudziwa kuti Mr Bean.

NaNgozo_waLizulu: Aphunzitsi musatinamize. Mr Bean amayankhula?

Mphunzitsi_Bembeke: Amayankhula, mayi, ndipo Chingerezi chake n'chosalala kuposa cha tonse tili panofe. Kusayankhula kuja ndi sewero chabe.

KachewereBoy: Moyo wanga wonse ndimayesa munthu uja ndi wosayankhula. Lero ndagona ndi nzeru.

MwiniVidiyoSho_Kampepuza: Ndisanapite patali, ndiyankhe kaye za DJ, chifukwa ndaona kuti mukuyamba kunyoza mbale imene ena tinadyera. Ine ndinayendetsa vidiyo sho zaka zisanu ndi ziwiri pa Kampepuza. Ndikaika filimu ya Chingerezi chokhachokha, m'nyumbamo munkalowa anthu asanu ndi atatu, enanso amatuluka pakati. Ndikaika yomasulira, mabenchi amadzaza mpaka ana kukhala pansi pa thumba. Mukuganiza kuti mayi wogulitsa tomato pa Tsangano Turn Off angamve Chingerezi cha Jeremy Irons wanuyo? DJ ndi amene anafikitsa mafilimu amenewa kwa anthu wamba. Inu ophunzira mumafuna zonse zikhale za inu nokha.

Bambo_a_Tadala: Akulu, sindikunyoza kumasulira. Ndikudandaula kupereka moni pa maliro. Kumudzi kwanu munthu angaimirire pa manda n'kuyamba kunena kuti moni kwa Joze wa pa Chimbiya?

MwiniVidiyoSho_Kampepuza: Pamenepo ndiye analakwa, ndavomera. Koma DJ wabwino amadziwa pokhala chete. Munangogwa m'manja mwa wophunzira kumene.

Kajambule265: Ndilowererepo, poti ine ndimayesayesa kupanga makatuni pa laputopu kuno ku Ntcheu boma. Anthu ambiri amaganiza kuti amayamba ajambula katuni, kenako n'kuitana munthu kuti adzaikemo mawu. Ku mafilimu aakulu ngati amenewa zimayenda chosemphana. Mawu ndiwo amayamba. Wochita sewero amalowa m'kachipinda kotchinga phokoso, amaima pa maikolofoni, pepala lili patsogolo, ndipo nthawi zambiri amakhala yekha. Mnzake amene akukangana naye mu filimu mwina adzabwera mwezi wamawa. Dairekita amamuuza kuti chiganizo chimenechi chibwerezenso, tsopano mokwiya, tsopano ngati ukubisa mantha, tsopano monong'ona. Chiganizo chimodzi angachinene kambirimbiri, iwo n'kusankhapo chimodzi. Akatero m'pamene ojambula amatenga mawuwo, amawamvetsera kachidutswakachidutswa, n'kumalemba kuti apa milomo yatsekeka, apa yatseguka, apa wapuma. Ndiye chimene mukuona ngati mkango ukuyankhula ndi dzanja la munthu likutsatira mpweya wa munthu wina. Scar anajambulidwa motsogozedwa ndi Andreas Deja, ndipo iyeyu ankayang'anitsitsa nkhope ya Jeremy Irons, mmene amapindira pakamwa ndi mmene amagwetsera zikope, n'kuziika pa mkangowo. N'chifukwa chake DJ akaphimba mawu aja, sikuti waphimba Chingerezi chokha. Waphimba chinthu chimene chithunzi chonsecho chinamangidwirapo.

NaNgozo_waLizulu: Ndiye kuti munthu amalira yekha m'kachipinda, palibe amene wamwalira, palibe mkango, pali pepala basi?

Kajambule265: Eya anti. N'chifukwa chake si aliyense wa mawu okoma amene angathe.

Mphunzitsi_Bembeke: Ndionjezere masamu pang'ono, poti ndiyo ntchito yanga. Filimu imaonetsa zithunzi 24 pa sekondi imodzi. The Lion King ya 1994 ndi ya mphindi 88. Chulukitsani 88 ndi 60, mupeza masekondi 5,280. Chulukitsaninso ndi 24, mupeza 126,720. Zoona, ojambula pamanja nthawi zina chithunzi chimodzi amachisiya kuti chioneke kawiri, koma kumbukirani kuti pa chithunzi chimodzi pamakhala nyama zingapo, ndipo iliyonse ili ndi wojambula wake. Wina ajambula mayendedwe aakulu, wina adzaza apakati, wina ayeretsa mizere, wina apaka utoto pa kompyuta, wina ntchito yake ndi mitengo, miyala ndi thambo la kumbuyo. Pali ena ojambula fumbi, mvula ndi moto basi. Ana anga a Fomu 2 ndikawapatsa chithunzi chimodzi cha duwa amadandaula sabata yathunthu.

Kajambule265: Aphunzitsi mwakhudza pa bala. Ine masekondi khumi a kalulu akudumpha ngalande anandidyera masabata awiri, ndipo akadumpha amaoneka ngati wathyoka msana. Ndimagwiritsa pulogalamu ya Blender poti ndi yaulere, koma laputopu imatentha mpaka ndimaiika pa njerwa. Tsono taganizani gawo lija nyumbu zikuthamanga mu chigwa, pamene Mufasa amafera. Ndi la mphindi ziwiri ndi theka zokha, koma kagulu ka anthu a kompyuta kanathera zaka zoposa ziwiri pamenepo. Anachita kulemba pulogalamu yoti nyumbu mazanamazana zizithamanga osalowana m'mimba.

KachewereBoy: Zaka ziwiri pa mphindi ziwiri? Ine zaka ziwiri ndakolola kachewere kanayi.

NaNgozo_waLizulu: Poti mwatchula kachewere, ndowa ili pa zingati kwanuko? Kuno pa Lizulu ogula a ku Blantyre atikwezera zinthu, sitikugulanso ife eni ake.

KachewereBoy: Anti bwerani ku inbox, pano aphunzitsi angatichulukitse ndi 24.

WakuJoni_waMlangeni: Moni kumudzi. Ine ndili ku Johannesburg chaka chachisanu ndi chimodzi. Mukuiwala munthu mmodzi wofunika. Mawu oyamba amene mumamva filimu ikangoyamba, dzuwa likutuluka, munthu akufuula ngati akuitana mudzi wonse, si a mzungu ayi. Ndi Lebo M, dzina lake lonse Lebohang Morake, mwana wa ku Soweto, ndipo akuimba m'Chizulu. Anathawa kwawo nthawi ya tsankho n'kukakhala ku America, ndipo Hans Zimmer, amene anapeka nyimbo zapansi za filimuyi, ndiye anamuitana. Anthu amangotchula Elton John ndi Tim Rice, amene analemba nyimbo zoimbidwa m'filimuyi, poti ndiwo otchuka, koma chimene chimakuimitsa tsitsi poyamba paja ndi Lebo M ndi kwaya yake. China chimene ndinaona kuno: filimuyi inamasuliridwa m'Chizulu mu 1994 momwemo, ndi Disney eni ake. Osati DJ mmodzi, koma nyama iliyonse ndi munthu wakewake, nyimbo zonse m'Chizulu. Ndinaionera kwa mnzanga wa ku KwaZulu-Natal. Ife Angoni a ku Ntcheu Chingoni tinataya, koma ndikamamvetsera ndinkatola liwu apa ndi apo limene agogo anga ankaimba pa ngoma. Ndinakhala chete nthawi yaitali tsiku limenelo.

MwiniVidiyoSho_Kampepuza: Mwaona? Ngakhale Azulu anafuna m'chiyankhulo chawo. Ndiye ife tikamasulira mukuti talakwa?

WakuJoni_waMlangeni: Kusiyana kulipo, madala. Kumasulira kwa Chizulu kuja amachotsa mawu a Chingerezi okha, nyimbo ndi phokoso la mphepo, mapazi, mabingu zonse zimatsala, chifukwa eni filimu amasunga mawu padera ndi phokoso padera. Womasulira amasankha mawu oti akwane pa milomo ya katuniyo. DJ wathu alibe zimenezo. Amangotsitsa voliyumu ya zonse n'kukwerapo iye.

Agogo_a_paMua: Ana inu, ndawerenga zonse kudzera pa foni ya mdzukulu wanga. Ine sindikuona chachilendo mwa DJ wanuyo. Amayi anga malemu akamatiimbira nthano madzulo pa moto, iwo ati "Padangotero", ife "Tili tonse", anali okha. Kalulu anali iwo, ndi kamawu kakang'ono kothamanga. Njovu anali iwo, mawu akuchokera m'mimba. Fisi akafika ankayankhulira m'mphuno mpaka ife kugwa n'kuseka. Panalibe chithunzi ngakhale chimodzi koma mpaka lero fisi ameneyo ndimamuona. Ndiye munthu mmodzi kuyankhula nyama zonse si tchimo. Koma amayi anga sankadula nthano pakati kuti apereke moni kwa a m'mudzi wina. Ndipo pofika pa chisoni ankatsitsa mawu, moto wokha n'kumamveka. Luso lili pamenepo.

Bambo_a_Tadala: Agogo mwanena zimene ndimalephera kunena.

KachewereBoy: Komanso kwathu kuno zilombo za gule zimayankhula ndi mawu osintha, ndipo palibe amene amafunsa kuti m'katimo muli ndani. Mwina mkangonso tisamaufunse.

Agogo_a_paMua: Mwana iwe, za kudambwe sitikamba pagulu ngati pano. Bwerera ku makatuni ako.

KachewereBoy: Pepani agogo, lilime linaterereka.

Admin_Linthipe: KachewereBoy, chenjezo loyamba. Tipitirize.

Mayi_wa_paWailesi: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma nkhaniyi ndi yanga. Ine ndinachitapo masewero a pa wailesi, a bungwe lina la zaumoyo limene sinditchula. Tinkajambula m'kachipinda kena ku Lilongwe, makoma atakutidwa ndi matiresi ndi mathireyi a mazira. Zimene wanena Kajambule n'zoona, kulira pa maikolofoni n'kovuta kuposa pa siteji. Pa siteji uli ndi nkhope, manja, chitenje choti upukutire misozi. Pa maikolofoni uli ndi pakhosi basi. Ukayandikira kwambiri mawu amaphulika, ukatalikira umamveka ngati uli kuseri kwa nyumba. Pepala usaligwedeze, ndolo ndi zibangili uvule, m'mimba musalire. Tsiku lina tinabwereza gawo lonse chifukwa mnzathu sanadye m'mawa.

Ndipo tinali ndi mnyamata wina amene sankayankhula liwu ngakhale limodzi m'seweromo, koma popanda iye sewero panalibe. Ankaponda mchenga m'lichero kuti amveke munthu akuyenda, ankafinya pepala la pulasitiki kukhala moto, ankathira madzi m'ndowa kuti tikhale ngati tili pa mjigo. Chitseko chake chinali kabokosi kamatabwa kokhala ndi loko. Ku mafilimu aakulunso anthu otere alipo, ntchito yawo amaitcha foley. Dzina la mnyamata ameneyu silinatchulidwepo pa wailesi ngakhale tsiku limodzi. Athu ankatchula mothamanga kumapeto, lake ayi.

Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi malipiro. Anatipatsa ya tsiku limenelo ndi ya thiransipoti, tinasaina, basi. Sewerolo linaulutsidwa zaka ziwiri, kubwerezabwereza. Ndimakwera minibasi ya ku Golomoti, ndikumva mawu anga akulira pa wailesi, ine m'thumba ndilibe ndi ya chiwaya yomwe. Mayi wina pambali panga akuti, "Mtsikana ameneyu amandimvetsa chisoni," osadziwa kuti wagundana naye bondo.

NaNgozo_waLizulu: Asisi, simunawauze kuti ndinu?

Mayi_wa_paWailesi: Akanakhulupirira? M'seweromo ndinali mtsikana wa zaka 16, pomwe ine ndinali ndi ana awiri kale.

Mphunzitsi_Bembeke: Nkhani ya mayiwa yandikumbutsa Simba mwini wake. Simba si munthu mmodzi. Ali mwana, woyankhula ndi Jonathan Taylor Thomas koma woimba ndi Jason Weaver. Atakula, woyankhula ndi Matthew Broderick, woimba ndi Joseph Williams. Anthu anayi, mkango umodzi. Jason Weaver ameneyu anafotokozapo atakula kuti anapatsidwa mwayi wolandira ndalama zambiri kamodzi n'kuiwalana, koma mayi ake anakana, anasankha zochepa poyamba kuti mwana wawo azilandirabe kachigawo nthawi zonse nyimbozo zikamagulitsidwa. Mayi ameneyo anaona patali.

Mayi_wa_paWailesi: Ife tinalibe wotiuza zimenezo, aphunzitsi. Za COSOMA, bungwe loteteza ntchito za aluso, tinkayesa ndi za oimba okha. Komanso ukakana kusaina, panja pali anthu khumi akudikira malo ako.

MwiniVidiyoSho_Kampepuza: Ndiye mwaona kuti DJ ndi mayiwa ali m'bwato limodzi. Iyenso akamasulira, khadi imakopedwa kuchoka ku Ntcheu mpaka ku Karonga, iye osaonapo kanthu. Moni amene mukudana nayeyo mwina ndi pomwe amadyera, anthu amalipira kuti atchulidwe.

Kajambule265: Madala, apa ndiye ndikutsutsani. DJ akuberedwa, inde, koma iyenso watenga ntchito ya anthu mazanamazana osapempha, ndipo nthawi zambiri mayina a kumapeto amawadula kuti fayilo ichepe. Wakuba akaberedwa timumvere chisoni?

MwiniVidiyoSho_Kampepuza: Iwe Blender yakoyo yaulere, nanga Windows ili mu laputopu yako unagula?

Kajambule265: Funso limenelo ndiyankha tsiku lina.

KachewereBoy: Hahaha wagwidwa mwana wa ku boma.

DadaWaChisomo: Ine ndibwerere kwa bambo wa mawu aakulu uja. Aphunzitsi, ndinamvapo kuti anali wachibwibwi ali mwana. N'zoona? Ndikufunsa chifukwa mwana wanga wamwamuna ali ndi chibwibwi chachikulu. Kusukulu anzake amamuseka mpaka anasiya kukweza dzanja m'kalasi. Akafuna kunena kanthu kunyumba amayamba wayang'ana pansi.

Mphunzitsi_Bembeke: N'zoona, bambo. James Earl Jones anali ndi chibwibwi choopsa moti ali mwana anakhala zaka zingapo osayankhula kwenikweni. Anabadwira ku Mississippi, anakulira kwa agogo ake ku Michigan. Amene anamutsegula pakamwa ndi mphunzitsi wake wa Chingerezi ku sekondale, amene anaona kuti mnyamatayu amalemba ndakatulo ndipo anamuuza kuti aziwerenge mokweza pamaso pa anzake. Mawu olembedwa kale, oti wawaloweza, ankatuluka bwino. Iye mwini ankanena atakalamba kuti chibwibwicho sichinathe, anangophunzira kukhala nacho. Ndiye munthu amene dziko lonse limamudziwa chifukwa cha mawu ndi yemweyo amene ankaopa kutsegula pakamwa. Ine m'kalasi mwanga ndinaonapo ana achibwibwi amene akamaimba kapena kulakatula sakakamira n'komwe. Muyeseni mwana wanuyo ndi ndakatulo zazifupi, kunyumba kaye, popanda womuseka. Ndipo musamamumalizire mawu akakakamira, mudikireni.

DadaWaChisomo: Zikomo aphunzitsi. Kumumalizira mawu ndiye ndimachita tsiku lililonse, ndimayesa ndikumuthandiza. Ndimuonetsa mkango umenewu madzulo ano.

NaNgozo_waLizulu: Gulu lino tsiku lina limatukwanitsa, tsiku lina limaliritsa.

WakuJoni_waMlangeni: Funso langa ndi ili: bwanji ife sitingapange yathu? Anzathu a ku Zambia atiposa. Pa Netflix pali katuni yotchedwa Supa Team 4, inatuluka mu 2023, nkhani yake ikuchitikira mu Lusaka, ndipo anaiyambitsa ndi mayi wa ku Zambia, Malenga Mulendema, mothandizana ndi situdiyo ya Triggerfish ya ku Cape Town. Zambia ndi pafupi pompa, ena mwa iwo amayankhula Chinyanja ngati ife. Ifeyo nthano tili nazo, zithunzi za makolo zili pa miyala ya ku Chongoni, osema ali ku Mua, anthu a mawu ndi awa a Mayi_wa_paWailesi. Chikusowa n'chiyani?

KachewereBoy: Magetsi.

Kajambule265: KachewereBoy akuseka koma wanena zoona theka. Theka linalo ndi anthu. Aliyense amene ndimakumana naye amafuna kukhala dairekita kapena woyankhula. Palibe amene amafuna kukhala wojambula udzu wa kumbuyo miyezi isanu ndi umodzi. Pomwe filimu ngati The Lion King inali ndi madairekita awiri, Roger Allers ndi Rob Minkoff, wotsogolera nkhani anali mayi, Brenda Chapman, ndipo pansi pawo panali khamu ku California ndi ku Florida. Ena mwa iwo anapita mpaka ku Kenya, ku Hell's Gate, kukaona mmene dziko limaonekera, ndipo mikango yamoyo inabweretsedwa ku situdiyo kuti ojambula aone mmene imayendera. Ife tikangoyamba, sabata yachiwiri tayamba kukangana kuti dzina la ndani likhale pamwamba pa positala.

Mayi_wa_paWailesi: Ndipo tikadzapanga, mawu tidzatenge anthu odziwa kuyankhula Chichewa, osati odziwika chabe. Mukukumbuka filimu ya William Kamkwamba ija ya 2019, ya ku Kasungu? Chiwetel Ejiofor, amene anali bambo ake a William mu filimuyo, anayesetsa, ndimamulemekeza, anaphunzira chiyankhulo chathu n'kudzajambula konkuno. Koma tonse tinamva kuti lilime ndi la mlendo. Pa filimu ya anthu nkhope imakuthandiza, timakukhululukira. Pa katuni ulibe pobisala, mawu akapotoka zonse zapotoka.

Mphunzitsi_Bembeke: Ndipo mukudziwa kuti Ejiofor yemweyo ndi amene anayankhula ngati Scar mu The Lion King yatsopano ya 2019, chaka chomwecho? Nyani wanzeru uja, Rafiki, anali John Kani wa ku South Africa. James Earl Jones anabwereranso pa Mufasa, patatha zaka 25.

NaNgozo_waLizulu: Ndiye bambo ake a William ndi omwe anapha Mufasa? Dziko ndi laling'ono.

MwiniVidiyoSho_Kampepuza: Mukadzapanga ya Chichewa, Chichewa chake chidzakhale cha kuti? Cha ku Dedza, cha ku Ntcheu, kapena cha pa wailesi? Chifukwa mfumu ya mikango ikadzayankhula ngati mnyamata wa ku Ndirande ine sindidzaonera.

WakuJoni_waMlangeni: Mfumu ndi Mngoni, zimenezo n'zosakambirana. Afisi tidzawapatse a ku Dedza.

KachewereBoy: Admin, chenjezo kwa awa a ku Joni likuchedwa pati?

Admin_Linthipe: Ine ndine wa ku Dedza, ndiye ndikapereka chenjezo muti ndakondera. Chibale cha Angoni ndi Achewa musandilowetsemo.

Agogo_a_paMua: Fisi mupatseni aliyense, bola adziwe kuyankhulira m'mphuno. Ndipo mukadzafuna munthu wa mawu a nkhalamba, ine ndilipo, koma ndalama yanga ndidzafuna ngati ya mayi ake a mnyamata woimba uja. Yapang'onopang'ono, yosatha.

Mayi_wa_paWailesi: Agogo aphunzira msanga kuposa ine.

Kajambule265: Kunena mosaseka, ndili ndi kalulu wanga uja wothyoka msana ndi nkhani ya mphindi zitatu. Ndakhala ndikuikamo mawu anga ndekha ndipo amamveka ngati ndikuwerenga chidziwitso cha maliro. A Mayi_wa_paWailesi, mungandithandize? Ndalama ndilibe, koma tilemberana pepala kuti ikadzapeza kanthu tidzagawana, ndipo dzina lanu lidzalembedwa. Ndi la mnyamata wa lichero uja ngati mukadali naye nambala.

Mayi_wa_paWailesi: Nambala ndili nayo, pano amakonza mafoni. Koma tijambule mawu kaye, iwe udzajambule kalulu pambuyo, monga wanenera wekha. Ndipo upeze chipinda chopanda malata, mvula kapena khwangwala akatera pamwamba tabwereza zonse. Bwera ku inbox.

Bambo_a_Tadala: Ndabweranso, abale. Dzulo ndinabwerera pa burning centre, ndinapeza yopanda DJ, ngakhale mnyamatayo anandiyang'ana ngati ndapenga. Ndinamuuza Tadala kuti ndinamunamiza, si makina, ndi agogo ena a ku America amene anali achibwibwi ali mwana. Anafunsa ngati akadali moyo, ndinati ayi. Anakhala chete, kenako anati tiyionerenso. Chingerezi sanamve chonse, ndinkamumasulira pang'onopang'ono pamene wafunsa, ndiye kunena zoona DJ ndinakhala ine. A ku Kampepuza musaseke. Itatha ndinafuna kuzimitsa monga mwa masiku onse, iye anandigwira dzanja kuti tione mayina. Anayamba kuwerenga ndi chala pa sikirini, ine ndikuimitsaimitsa. Tinadutsa 200 magetsi n'kuzima. Lero m'mawa ndamupeza kuseri kwa khitchini ndi msuweni wake, atenga foni ya mayi ake, wina akubangula mu ndowa, wina akuponda makala kuti amveke mapazi. Ndowayo ndi ya madzi akumwa.

MwiniVidiyoSho_Kampepuza: Ndaseka kale. Munapereka moni kwa ndani pamene Mufasa amagwa?

Bambo_a_Tadala: Kwa aliyense ayi. Pamenepo ndinakhala chete ngati amayi awo a Agogo.

NaNgozo_waLizulu: KachewereBoy, inbox ija sunayankhebe. Ndowa ndi zingati?